Dzina lalitali la pa botolo la mankhwala: tilidule pati, tilitchule bwanji?

Botolo la mankhwala opopera fodya limene mlimi wa ku Santhe kapena ku Chamama amagula nthawi ya nazale limakhala ndi mayina awiri, mwinanso atatu. Lina limalembedwa m'zilembo zikuluzikulu zoonekera patali: Confidor, Karate, Dursban, Orthene. Limeneli ndi dzina la malonda, ndipo kampani inalisankha dala kuti likhale lalifupi, losavuta pakamwa. Pansi pake, m'tizilembo toti wamaso ofooka sangatione, pamakhala dzina lachiwiri: imidacloprid, lambda-cyhalothrin, chlorpyrifos, acephate. Ili ndiye dzina la chimene chili m'botolomo, chimene chimapha nsabwe ndi mbozi, chimenenso chingathe kupha munthu. Dzina lachitatu silioneka kawirikawiri pa botolo. Limapezeka m'mabuku a akatswiri, ndipo limatha kudzaza mzere wonse ndi manambala, timizere ndi mabulaketi.

Ambirife timalekera pa dzina loyamba, enanso sitifikako n'komwe. M'sitolo za zipangizo zaulimi pa boma pa Kasungu mumamva kuti, "Achimwene, ndipatseniko mankhwala a nsabwe aja," kapena, "Ndikufuna aja a chitsekerero chofiira." Wogulitsa amatenga amene ali pafupi. Chikhala kuti dzina la malonda silisintha, vuto likanachepa. Koma mankhwala amodzimodzi amagulitsidwa ndi makampani angapo, iliyonse ndi dzina lake, ndiye mlimi amatha kugula mabotolo awiri osiyana maonekedwe n'kumaganiza kuti wasintha mankhwala, chonsecho wagula chinthu chimodzi kawiri. Dzina la m'tizilembo ting'onoting'ono lija ndi limene silisintha, kaya muli ku Chinkhoma, ku Chipata kapena ku Harare. Chimatilepheretsa kuligwiritsa ntchito n'chakuti timaliopa: timaona ngati ndi lalitali kwambiri, ndipo timachita manyazi kuti tikalitchula molakwa atiseka.

Kutalika pakokha si vuto kwa munthu wolankhula Chichewa. Mwana wa sitandade 3 amanena kuti ntchemberezandonda osapunthwa lilime. Mawu akuti sindidzakuuzaninso ali ndi zilembo 18, koma palibe amene amawaloweza monga chinthu chimodzi. Khutu limamvamo si wokana, ndi woloza ine, dza wa m'tsogolo, uza amene ndi tsinde, ku ndi ni zoloza inu, ndi nso wobwereza. Mukachotsa si tanthauzo limatembenuka. Mukaika na m'malo mwa dza nthawi imasintha. Mayina a mankhwala m'Chingerezi anamangidwa motero, ndipo pa nkhani imeneyi ife tili ndi mwayi kuposa Mngelezi, chifukwa chinenero chake sichimanga mawu m'njira yotere kawirikawiri pamene chathu chimatero m'chiganizo chilichonse.

Kale zinthu izi zinkatchedwa mayina ongopeka, otengera mtundu, fungo kapena munthu amene anazitulukira. M'chaka cha 1787 akatswiri anayi a ku France, mwa iwo Antoine Lavoisier ndi Guyton de Morveau, anasindikiza buku lonena kuti dzina lizifotokoza zimene zili m'chinthucho. Mu 1892 akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana anakumana ku Geneva n'kugwirizana malamulo otchulira zinthu zokhala ndi kaboni, ndipo kuyambira 1919 ntchitoyi yakhala m'manja mwa bungwe la IUPAC. Tizidutswa timene anagwirizana si tambiri. Meth ndi atomu imodzi ya kaboni, eth ndi awiri, prop atatu, but anayi. Kuchoka apo amawerenga m'Chigiriki ndi Chilatini, pent, hex, hept, oct, non, dec. Di amatanthauza kuti chotsatiracho chilipo kawiri, tri katatu, tetra kanayi. Chloro ndi kolorini, yemweyo timathira m'madzi nthawi ya kolera. Ndipo kumapeto kumakhala kachidutswa konena mtundu wa chinthucho: ane, ene, ol ndi tina. August Wilhelm von Hofmann ndiye anapereka maganizo mu 1866 oti kusintha kwa lembo la liwu limodzi, kuchoka pa ane kupita pa ene, kuzisonyeza kusiyana kwa kamangidwe.

Titenge chitsanzo cha m'nazale mwathu momwemu. Kwa zaka zambiri maesiteti a ku Kasungu ankafukiza nthaka ya nazale ndi methyl bromide pofuna kupha tinyongolotsi totupitsa mizu, mbewu za udzu ndi matenda. Mpweya umenewu umawononga chophimba cha m'mlengalenga chimene chimatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, choncho motsatira pangano la ku Montreal la 1987, Malawi analeka kuugwiritsa ntchito m'nazale za fodya pofika kumapeto kwa 2004. M'malo mwake munabwera dazomet, amene ambiri amamudziwa kuti Basamid, metam sodium, ndi mbande zofesa m'mathireyi oyandama pamadzi. Mankhwala ena odziwika pa fodya olimbana ndi tinyongolotsi timeneti ndi Telone, amene dzina lake lenileni ndi 1,3-dichloropropene. Munthu akaliona koyamba amabwerera m'mbuyo. Koma lidulidwe: di, chloro, prop, ene. Prop akunena kuti pali maatomu atatu a kaboni ondondozana. Ene akunena kuti awiri mwa iwo agwirana mowirikiza. Dichloro akunena kuti pali maatomu awiri a kolorini, ndipo manambala aja akuloza pamene akhala, pa kaboni woyamba ndi wachitatu. N'chifukwa chake manambalawo amawerengedwa payekhapayekha, 1 kenako 3. Si 13, si 1.3, ndipo si mulingo wothira m'sipuleya. Kamzere ka pambuyo pa 3 sikakudula phatikizo, kakungolekanitsa nambala ndi zilembo.

DDT, amene agogo athu amamukumbuka bwino, ali ndi dzina la zilembo 31: dichlorodiphenyltrichloroethane. Anapangidwa koyamba mu 1874, Paul Müller wa ku Switzerland anatulukira mu 1939 kuti amapha tizilombo, ndipo pangano la ku Stockholm la 2001 linaletsa kumugwiritsa ntchito m'munda. Mukalidula mupeza di, chloro, di, phenyl, tri, chloro, ethane. Tizidutswa tiwiri tabwerezedwa, ndiye zatsopano zoti muphunzire ndi zisanu zokha. Zilembo D, D ndi T zachokera pa di, di ndi tri.

Apa ndiye pagona nkhani imene aphunzitsi ndi olemba mabuku amasiyana maganizo. Pali njira ziwiri zodulira dzina, ndipo sizigwirizana nthawi zonse. Ina imatsata tanthauzo, ina imatsata kamvekedwe. Potsata tanthauzo, propene ndi prop ndi ene. Potsata kamvekedwe, Mngelezi amati pro kenako pene, p uja n'kusamukira ku phatikizo lachiwiri. Methanol potsata tanthauzo ndi meth, an, ol. Pakamwa amatuluka ngati me, tha, nol. Ngakhale osindikiza mabuku m'Chingerezi sanagwirizane kalekale: mwambo wa ku Britain unkakonda kudula mawu kumapeto kwa mzere potsata kumene tizidutswa tinachokera, wa ku America potsata katchulidwe. Ife tinaphunzira kuwerenga ndi maphatikizo, ba be bi bo bu, kuyambira nthawi ya buku la Sosa mpaka lero, ndiye diso lathu limathamangira kudula pambuyo pa lembo la liwu lililonse. Pa Chichewa njira imeneyi siphonya. Pa dzina la mankhwala imatha kusokeretsa, chifukwa imadula kachidutswa pakati n'kukabisa.

Ine ndikuona kuti diso liziyamba ndi tanthauzo, kamwa lizibwera pambuyo. Munthu akapeza tizidutswa, katchulidwe kamabwera kokha, ndipo misampha ingapo imazimirira. Msampha waukulu ndi wa malembo a liwu awiri oyandikana. M'Chingerezi cha masiku onse oe ndi ie kawirikawiri amatchulidwa monga liwu limodzi. Koma mu chloroethane, o ndi wa chloro ndipo e ndi wa ethane, choncho aliyense amamveka payekha. Mu dioxide muli di ndi oxide. Mu diethyl muli di ndi ethyl. Mu triazine muli tri ndi azine. Amene sanaone malire a tizidutswa amameza liwu limodzi, ndipo limene limamezedwalo nthawi zambiri ndi lija likunena chiwerengero.

Msampha wachiwiri ndi wathuwathu, ndipo Mngelezi sangaudziwe. Zilembo ch, ph ndi th zili m'Chichewa, koma zimagwira ntchito ina. Ch wathu ndi wa mu chala, ph ndi wa mu phala, th ndi wa mu thumba. M'mayina a mankhwala zilembo zimenezi zikuimira malembo a Chigiriki. Ch amatchulidwa k, ndiye chloro ndi kloro, ndipo acetochlor, amene ali m'mankhwala opha udzu a Harness, amathera ndi klo. Ph amatchulidwa f: phosphate ndi fosfeti, phenyl amayamba ndi f, glyphosate wa mu Roundup ali ndi f pakati. Th ndi uja wotulutsa nsonga ya lilime pakati pa mano, amene ambirife timamusandutsa th wathu, ndipo palibe chimene chimawonongeka. C akatsogolera e, i kapena y amamveka s, n'chifukwa chake cypermethrin amayamba ndi sayi pamene copper ndi carbaryl amayamba ndi k. X ndi ks. E wa kumapeto satchulidwa, koma amatalikitsa liwu la m'mbuyo mwake. Mu lambda, b samveka. Y ndiye wosakhazikika: mu glyphosate ambiri amamutchula ayi, mu chlorpyrifos amamveka i. Ndimaganiza nthawi zina za Kamuzu Academy ku Mtunthama, imene inatsegulidwa mu 1981 ndipo ana ake amaphunzira Chigiriki ndi Chilatini. Anthu akhala akufunsa kuti zinenero zakufazo n'zantchito yanji pakati pa minda ya fodya. Chloro akuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kubiriwira, lambda ndi delta ndi malembo a Chigiriki, ndipo zonsezi zalembedwa pa mabotolo amene ali m'mashelefu a pa Mtunthama pomwepo. Sikuti mlimi aliyense aphunzire Chigiriki ayi, koma malamulo asanu kapena asanu ndi limodzi amenewa akhoza kuphunzitsidwa pa msonkhano umodzi wa kalabu.

Amene amaseka anzawo kuti sakutchula Chingerezi cheniceni azidziwa kuti eni chinenerowo sagwirizana. Methyl ku Britain ambiri amati miithail, ku America amati methil. Ethyl ndi phenyl amasiyananso chimodzimodzi. Glyphosate ena amayamba ndi glai, ena ndi gli. Ngakhale kalembedwe kanasiyana: sulphur wa ku Britain ndi sulfur wa ku America, ndipo IUPAC inasankha wa f. Pamene liwu limatsindikidwa napo palibe lamulo limodzi loti mungalidalire. Mu imidacloprid amatsindika clo, mu cypermethrin amatsindika meth, mu dimethoate amatsindikanso meth, mu chlorpyrifos amatsindika py, mu acephate ndi glyphosate amatsindika phatikizo loyamba. Izi munthu amangozimva kwa ena n'kuzolowera. Katswiri wa ku Glasgow ndi wa ku Texas akakumana amamvana, osati chifukwa amatchula mofanana, koma chifukwa onse akumva tizidutswa tomwe tija.

Nanga kamwa la Mchewa limachita nawo chiyani mayinawa? Phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, kupatula m wa mu mlimi kapena mtengo amene amaima payekha. Malembo opanda liwu oundana ngati kl, pr ndi tr sitinawazolowere, ndiye timalowetsa liwu pakati ndi kumapeto, monga tinachitira ndi sukulu, buledi ndi fetereza. L ndi r kwa ife ndi liwu limodzi. Motero cypermethrin amakhala sayipamefirini kapena sayipametirini, Actellic amakhala akiteliki, chloro amakhala kololo. Aphunzitsi ena amadana nazo zimenezi, amati n'kuwononga Chingerezi. Ine sindikuona chowonongeka. Kuwonjezera liwu sikuchotsa kanthu m'dzina. Choopsa ndi kumeza, makamaka kumeza mapeto.

Mapeto ndiwo amanyamula kusiyana kwakukulu. Nitrate ndi nitrite zasiyana lembo limodzi. Nitrate ndi chakudya cha fodya, uja ali mu CAN. Nitrite ndi chimene tizilombo tosaoneka ndi maso timapanga kuchokera ku nitrate pamene tsamba la bale likuuma m'chigafa, makamaka mukakhala chinyezi chambiri ndi mpweya wochepa, ndipo chimakagwirizana ndi za m'tsambamo n'kupanga zinthu zoyambitsa khansa zimene ogula fodya amaziyeza. Sulphate, sulphite ndi sulphide ndi zinthu zitatu zosiyana. Potassium sulphate ndi wabwino pa fodya, pamene potassium chloride akachuluka tsamba limavuta kuyaka ndipo limataya mtengo. Ethane ndi ethene amasiyana pa liwu limodzi lija la Hofmann. Koyambirira nakonso n'kosamezeka: ethanol ndi uja amapangidwa kuchokera ku nzimbe ku Dwangwa kuyambira 1982 n'kumasakanizidwa ndi petulo, ndi yemwenso ali mu mowa, pamene methanol, wongowonjezera m, amachititsa khungu ndi kupha ngakhale munthu amwe pang'ono. Tsono taonani chimene chimachitika. Mngelezi amatsindika koyambirira kwa sulphate ndi nitrate, mapeto n'kumveka mopepuka. Chichewa chimatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye tikanena kuti salifeti, salifayiti, salifayidi, mphamvu ya liwu imagwera chakumapeto, kumene kuli kusiyana. Katchulidwe kathu kamene ena amakanyoza kamaonetsa bwino malo amene akufunika kumveka.

Mayina a pa mabotolo, a mtundu wachiwiri uja, amafuna kuwachenjerera pang'ono chifukwa sanamangidwe mokwanira ngati a IUPAC. Ndi mayina ofupikitsidwa, amene bungwe la ISO limavomereza kuti dziko lonse lizigwiritsa ntchito, ndipo anapangidwa podula tizidutswa ta dzina lalitali n'kutilumikiza. Chlorpyrifos ndi chlor wa kolorini, pyri wa pyridine, ndi fos wa phosphorus. Cypermethrin ndi permethrin amene anamuwonjezera cy. Simungajambule kamangidwe ka mankhwala kuchokera ku dzina lotere, koma mungadziwe banja lake, ndipo kwa mlimi banja ndilo lofunika. Othera ndi thrin, monga permethrin, cypermethrin, deltamethrin ndi lambda-cyhalothrin, ndi a banja limodzi, lotengera mankhwala a m'maluwa a pyrethrum amene amalimidwa ku Kenya ndi ku Tanzania. Angapo mwa iwo anatulukiridwa ndi gulu la Michael Elliott ku Rothamsted ku England m'zaka za m'ma 1970, ndipo ndi omwewo amene masikito amanyikidwamo. Okhala ndi fos, phos kapena thion, monga chlorpyrifos, profenofos, pirimiphos-methyl, malathion ndi fenitrothion, ndi banja lina. Okhala ndi carb, monga aldicarb, carbaryl ndi carbofuran, ndi linanso. Lamuloli lili ndi mipata yake, ndipo ndi bwino kuinena poyera. Dimethoate ndi wa banja la chlorpyrifos ngakhale mulibe fos m'dzina lake. Glyphosate ali ndi phos koma ndi wopha udzu ndipo sagwira thupi monga amachitira a banja lija. Indoxacarb amathera ndi carb koma si m'bale wa aldicarb. Choncho mapeto a dzina ndi chizindikiro choyambira, pofunika kutsimikiza kwa alangizi.

Phindu la kudziwa banja linaoneka pamene mbozi zachilendo zinagwa m'chimanga, mpaka boma kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 ali pa ngozi. Alimi ambiri anapopera cypermethrin mobwerezabwereza. Tizilombo tikamapoperedwa mankhwala a banja limodzi nthawi zonse, timene tapulumuka timaswana, ndipo m'kupita kwa nthawi mankhwalawo amaleka kugwira. Alangizi amati tizisinthasintha mankhwala. Koma amene wachoka pa cypermethrin n'kupita pa Karate sanasinthe banja, ndipo akanatha kuwerenga thrin kumapeto kwa mayina onse awiri akanadziwa yekha. N'chimodzimodzi ndi mankhwala a nankafumbwe. Tonse timangoti akiteliki, koma Actellic Super ali ndi pirimiphos-methyl ndi permethrin, pamene Actellic Gold ali ndi pirimiphos-methyl ndi thiamethoxam.

Kuchipatala nkhaniyi imafika pa moyo. Munthu akamwa kapena kudzithira mankhwala n'kumuthamangitsira ku chipatala cha boma ku Kasungu, ku Nkhamenya kapena ku St Andrew's ku Mtunthama, funso loyamba la adokotala limakhala lakuti, "Ndi mankhwala anji?" Yankho lakuti "a fodya" silithandiza. A banja la fos ndi la carb amagwira mitsempha m'njira yofanana, munthu amatuluka thovu ndi thukuta, ndipo pali mankhwala otchedwa atropine amene amathandiza. A banja la thrin amafuna chisamaliro china. Tameki amene timamumva kawirikawiri m'nkhani zomvetsa chisoni anachokera ku dzina la malonda lakuti Temik, ndipo m'kati mwake ndi aldicarb, koma lero anthu amatcha tameki timibulu tilitonse takuda topha makoswe togulitsidwa m'timapepala pa msika. Dzina lotere lasiya kunena zimene zili m'katimo. Chabwino koposa ndi kunyamula botolo lenilenilo popita kuchipatala. Koma mankhwala ambiri amagulidwa otapa m'timabotolo topanda chizindikiro, ndipo pamenepo chimene chatsala ndi dzina limene lili m'mutu mwa wogula.

Ogula fodya nawonso amalankhula m'mayina achiwiri omwewa. Makampani amene amalimitsa fodya pa kontirakiti amapereka mndandanda wa mankhwala ololedwa ndi oletsedwa, ndipo amayeza tsamba ngati muli zotsalira, potsata milingo imene bungwe la CORESTA limasindikiza. Mndandandawo umatchula flumetralin, butralin ndi pendimethalin, opha mphukira fodya akathenedwa, osati mtundu wa chitsekerero. Chlorpyrifos analetsedwa m'mayiko a European Union mu 2020, ndipo mbali ina ya fodya wathu imapita komweko. Mlimi wosatha kuwerenga dzinali akhoza kuligula lili m'botolo la dzina lina, n'kudzamva nkhani yake belo litakanidwa.

Pali kanthu kena kamene kamandisangalatsa pa imidacloprid. Banja lake limatchedwa neonicotinoid, ndipo mukadula mupeza neo, kutanthauza chatsopano, nicotin, ndi oid, kutanthauza chofanana nacho. Ndiye kuti mankhwala amene timateteza nawo fodya ku nsabwe amagwira ntchito mofanana ndi ululu wa m'fodya momwemo. Dzina lakuti nicotine linachokera kwa Jean Nicot, kazembe wa France ku Portugal amene anatumiza fodya kwawo cha m'ma 1560. Chinthucho chinapatulidwa koyamba m'tsamba mu 1828 ku Heidelberg, ndipo dzina lake lomangidwa ndi 3-(1-methylpyrrolidin-2-yl)pyridine. Pyrid ameneyu ndi amene wafupikitsidwa kukhala prid kumapeto kwa imidacloprid. Amene amathyola fodya wonyowa n'kumva mseru ndi chizungulire akudziwa kale mphamvu yake m'thupi.

Ena amati bwanji osangofupikitsa zonse. Kufupikitsa kumathandiza kukakhala kogwirizana. CAN tonse timamudziwa, ndipo ndi ochepa amene amafunika kunena kuti calcium ammonium nitrate. Pamene Malawi anasiya chloroquine mu 1993 n'kuyamba sulfadoxine-pyrimethamine, anthu anangoti SP kapena Fansidar, ndipo mu 2007 LA analowa m'malo popanda wina kuvutika ndi lumefantrine ndi artemether. Zimenezi zinatheka chifukwa unduna unasankha chidule chimodzi, n'kuchilengeza pa wailesi ndi m'zipatala zonse. Mankhwala a kumunda ndi ochuluka kwambiri, amachokera m'makampani ambiri, ndipo chidule chimene aliyense amadzipangira chimasokoneza. Amene wati "sayipa" sananene ngati ndi cypermethrin yekha kapena wosakaniza ndi wina.

Ena amati mayinawa alembedwe m'Chichewa basi. A ku Tanzania anayenda njira yotere: m'Chiswahili amalemba oksijeni, haidrojeni, kloridi, ndipo ali ndi bungwe la BAKITA, lokhazikitsidwa mu 1967, loyang'anira mawu atsopano. Pa mawu ogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku ngati okosijeni ndi kolorini ifenso tinatero kale. Koma pa botolo la mankhwala oopsa sindingavomereze kuti kalembedwe ka dziko lonse kachotsedwe, chifukwa ndi kamene adokotala angakapeze m'buku kapena pa intaneti, ndi kamene kali pa mndandanda wa ogula fodya. Komanso tikalemba kololo m'malo mwa chloro, mwana wa ku sukulu ya Chayamba amene akukonzekera mayeso a MANEB sadzazindikira kuti ndi chloro yemwe uja wa m'buku lake la Chemistry.

Kusukulu nako kuli mpata. Ana a fomu 3 ndi 4 amaphunzira alkanes, alkenes ndi alkanols, amaloweza meth, eth, prop, but, ndipo mayeso ake ndi olemba okha. Palibe amene amawafunsa kutchula, ndipo kawirikawiri palibe amene amawaonetsa kuti zimene akuloweza zalembedwa pa botolo limene bambo awo asunga kudenga. Mphunzitsi atabweretsa m'kalasi zizindikiro zomata pa mabotolo, zojambulidwa pa foni kapena pa pepala, n'kuuza ana kuti adule mayinawo ndi pensulo, phunziro la sabata zingapo lingagwire mutu tsiku limodzi, ndipo mwanayo angakathandize kunyumba. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mwana amene anasekedwa m'kalasi chifukwa cha lilime lake amakula wosafunsa, ndipo ndi yemweyo amadzaima m'sitolo n'kuloza botolo ndi chala.

Chimene chikusoweka si chachikulu. Bungwe la Pesticides Control Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2000 ndipo limavomereza mankhwala onse olowa m'dziko muno, likhoza kulamula kuti dzina lachiwiri lija lizilembedwa m'zilembo zowerengeka, losadulidwa pakati pa kachidutswa, ndipo pansi pake pazikhala katchulidwe kake m'malembo a Chichewa pamodzi ndi banja lake. A Centre for Language Studies ku Zomba angathandize kuti katchulidweko kakhale kamodzi, kuti sayipamefirini wa ku Chulu akhale yemweyo ku Wimbe ndi pa wailesi. A ARET, amene ali ndi sukulu ya zaulimi ku Mwimba m'boma lathu la Kasungu lomweli, ndiwo amasula alangizi ambiri a fodya, choncho angawaphunzitse zimenezi, pakuti mayina ofunika pa fodya ndi chimanga ndi oti angakwane pa tsamba limodzi kapena awiri.

Pamene tikudikira zimenezo, inu amene mukukagula mankhwala chaka chino, musatuluke m'sitolo musanaone dzina la m'tizilembo ting'onoting'ono. Liduleni m'tizidutswa take, litchuleni mokweza m'kamwa lanu la Chichewa osameza mapeto, ndipo mulilembe m'kope pamodzi ndi tsiku limene mwapopera. Likakuvutani, afunseni alangizi kuti alitchule pang'onopang'ono ndipo akuuzeni banja lake.